Tsamba Lopanda Zibowo

Lachiwiri, pa 6 Meyi, 10 koloko m'mawa, ana atapita kusukulu

Mwana wanga wachisamba,

Ndakhala pansi kuti ndikulembere, ndipo uwerenge mpaka kumapeto, usachite zako zija zothamangitsa maso kufuna pomwe ndatchula ndalama. Uli bwanji kunjako? Msana uja wonyamula nkhalamba za eni ake ukadalipo? Kuno tilipo. Ana ako awiri ali bwino. Wamkuluyu nsapato zamuthina, wamng'onoyu dzino lakutsogolo lachoka, akuimba mluzu osafuna. Ine khutu ndi lomwe lija, foni ikalira ndimangoiona kuwala, n'chifukwa chake ndikupitiriza kupatsira makalata adalaivala a basi. Iwe ndi mlongo wako muzindiseka, koma pepala silidula munthu pakamwa.

Nyumba ukufuna kugulayo ndakaiona Loweruka. Ananditenga ndi mzime wanga, mlongo wakoyo, pamodzi ndi ejenti uja. Munthu wake wovala nsapato zosongoka ngati akufuna kuphera mphemvu pakona, ine ndamutcha a Nsapato. Akatsegula pakamwa, "amama" katatu asanafike pa nkhani. Ine munthu amene sindinamubereke akachulutsa "amama" ndimagwiritsa kachikwama kanga.

Nyumbayo sindiinyoza. Geti lobiriwira, zipinda zitatu, madzi a m'nyumba momwemo. Kuseri kuli mtengo wa mandimu, wina anamangirirapo tayala la katungwe. Chipinda cha kum'mawa chili ndi zenera lalikulu. Ndinaima pamenepo n'kuona m'maganizo makina anga atakhala, ine ndikulowetsa ulusi m'singano popanda kuitana munthu. Ndinaisirira, ndisaname. Ndipo n'zimene zikundiopsa, chifukwa ine ndikasirira chinthu maso anga amachita ulesi.

Mwini wake sitinamuone. Ati ali kutali, akudwala, akufuna ndalama msanga.

A Nsapato anandipatsa mapepala khumi ndi limodzi, Chingerezi chokhachokha, tizilembo ngati nyerere. Ati popeza unalemba kuti ndikuimire ine, ndisaine kumapeto, ndalama zilowe, titenge makiyi. Ndinati, "Bambo, ine sukulu ndinalekera pomwe aphunzitsi anayamba kulankhulira m'mphuno. Ndisaine chiyani chimene sindikuchimva?" Mlongo wako anandigunda ndi chigongono. Ndinamubwezera.

Nditafika kunyumba mphepo inawamwaza mapepalawo, lina ndinakalitola pansi pa bedi. Ndiye ndinawasanja motsata manambala ake, paja manambala ndimawadziwa, ndayeza ziuno za anthu zaka makumi anayi. Ndinaika singano ya jinzi n'kuwapititsa pamakina m'mbali, ndi ulusi wofiira. Inde, makina omwe aja odumpha, amene amasoka pang'ono n'kulumpha malo amodzi, munkalira nawo kuti zovala zanu za sukulu zikuoneka ngati mano a nkhalamba. Akudumphabe. Koma mapepala agwirana, palibe lingathawe.

Tsono tamvera. Zaka zisanu wakhala ukusambitsa makolo a anthu ena, ana ako akukula osadziwa fungo lako. Thukuta lonselo lituluke ndi dzanja langa ine, papepala limene sindikulimva? Pali mayi wina amene ndimamusokera masiketi a kuntchito, ndi loya. Wati atha kuwerenga mgwirizanowu tsamba ndi tsamba, n'kukafufuzanso ku ofesi ya zamalo ngati nyumbayo ilibe mlandu. Koma si zaulere. Tumiza ya loya. Ya nsapato za mwana ndiona ndekha.

Ndine mayi ako.


Lamulungu, pa 11 Meyi

Amayi okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, ndawerenga mpaka kumapeto, kawiri konse. Muli bwanji? Ana akudya bwino? Wamng'onoyo mumujambulitse dzino lisanamere, ndimuoneko. Ine ndilipo, koma ndikulemba choimirira, ndikulowa ntchito 2 koloko.

Amayi, zoona mwasoka mapepala a nyumba pamakina? Ndinaseka mpaka mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anadzuka. Koma nditatha kuseka ndinachita manyazi. Anthu aja atiyesa otani?

Mlongo wanga wandiuza pafoni kuti munawayankha mwachipongwe a ejenti. Chonde, munthu ameneyu si wapamsewu. Kuntchito kuno akuthandizanso anzanga anayi. Mmodzi analipira kale mwezi watha, akungodikira makiyi. Akuti yakenso ndi ya geti lobiriwira, moti tikuseka kuti tikadzabwerera tizidzasokonezana mageti.

Ya loya ndatumiza kwa mlongo wanga, ngakhale iye akuti n'kutaya ndalama m'madzi. Ndachita izi kuti mtima wanu ukhale pansi. Koma mudziwe kuti mwezi uno ukatha tisanasaine, nyumba ipita kwa wina.

Amayi, ndatopa. Ndikufuna ndikadzabwera ndidzagogode pakhomo langa, osati pa eni ake amene amawerenga ndowa zimene ana anga asamba. Kapena simukufuna kusamuka m'chipinda chanucho chifukwa cha makasitomala anu? Ngati ndi choncho nenani poyera, musabisale kumbuyo kwa loya.

Mwana wanu.


Lachisanu, pa 16 Meyi, 3 koloko masana

Iwe mwana,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, koma kalata yako yandipsetsa mtima. Uli bwanji? Kuno tadzuka. Ati ndikubisala kumbuyo kwa loya! Loya wakeyo ndi wowonda ngati singano, ine ndi thupi langali ndingabisale pati? Ndipo chipinda chino ndichikakamire chifukwa chiyani? Mvula ikagwa timagona ndi mabeseni atatu, lina pafupi ndi mutu wa mwana wako.

Ya loya mlongo wako anandipatsa Lachitatu, nkhope ili ngati akumuzula dzino. Dzulo ndinapita. Ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala, masitepe makumi awiri ndi awiri, mawondo anga ndi amene anawerenga. Mayi Loya ataona ulusi wofiira anavula magalasi n'kuseka mpaka misozi. Ati, "Agogo, chiyambireni ntchito sindinalandirepo mgwirizano wokhala ndi mpendero." Ndinati, "Sekani, koma muwerenge."

Anawerengadi, mwana wanga. Maola awiri, pensulo ili m'manja, foni osaiyang'ana. Kenako anandimasulira tsamba lililonse m'chilankhulo chathu, ine ndikufunsa mafunso anga a umbuli, iye osatopa. Atafika tsamba la 7 anaikapo chala. Ati, "Mtima wa nkhani uli apa. Likuti tsiku losaina ndalama sizipita kwa ejenti kapena kwa mwini nyumba. Zisungidwa kwa loya mpaka dzina la mwana wanu litalembedwa ku ofesi ya zamalo. Nyumba ikapezeka ndi ngongole kapena mwini wina, ndalama zibwerera zonse." Ndinafunsa ngati zimenezo n'zabwino. Ati, "N'zabwino kwambiri, mpaka zikundidabwitsa kwa munthu wothamanga chonchi."

Wandiuza kuti ndisasaine iye palibe, ngakhale atandilonjeza kumwamba. Ku ofesi ya zamalo wapereka kale pempho, yankho lituluka pakatha masiku khumi. Anadinda chidindo chake patsamba loyamba ndi lomaliza, kusonyeza kuti waona.

Madzulo mlongo wako anabwera kudzatenga mapepalawo, ati mwini nyumba ayambe ndiye kusaina. Ndinawagwira nthawi yaitali ndisanamupatse.

Pali china chimene sindikufuna kulemba koma dzanja likulemba lokha. Mlongo wako ali ndi foni yatsopano, ya maso atatu kumbuyo. Ntchito ya kugalaja inatha mu Febuluwale, mkazi wake akupempha mchere kwa aneba. Ndinamufunsa, ati ndi ya mnzake. Mnzake uti wobwereketsa foni ndi bokosi lake lomwe? Ngati unamugulira ndiwe undiuze msanga, ndizipeza tulo.

Mayi ako.


Loweruka, pa 24 Meyi, 4 koloko madzulo

Mwana wanga,

Moni wake ndi womwewu. Usatumize ndalama. Ndayambira pamenepo kuti ngakhale utatopa kuwerenga ukhale utamva.

Masana ano ndikupinda mpendero wa siketi ya munthu, kunja kunaima galimoto yoyera. Analowa a Nsapato ndi mlongo wako. Wachitatu, chimunthu cha khosi ngati ndowa, anaima pakhomo n'kutseka dzuwa. Ana ndinawauza akasewere kwa aneba.

Ati, "Amama, zavuta. Kwabwera munthu wina, ndalama zili m'manja. Mukapanda kusaina lero, amama, nyumba yapita." Ndinati nanga loya wanga? Ati lero Loweruka, maofesi ngotseka, ndipo loyayo anawerenga kale. Anatulutsa mapepala aja. Ulusi wanga wofiira panalibe, anawamanga ndi kawaya pakona. Ati makina ojambula mapepala sagwirizana ndi ulusi. Mlongo wako anandilozera chidindo kutsogolo, chidindo kumbuyo. "Si ichi cha loya wanu, amayi? Mukufunanso chiyani, mngelo atsike?"

Ndikuuze zoona, cholembera ndinachigwira. Ndinaganiza za iwe, za zenera lija, ndinati mwina ndine nkhalamba yovuta basi. Koma ukudziwa kuti sindidula nsalu ndisanaiyendetse chala m'mphepete. Chala chinapita chokha. Tsamba loyamba, timabowo ta singano tikukanda. Lachiwiri, tikukanda. Mpaka la 6. La 7 linali see, losalala ngati tsaya la khanda.

Ndinanyamuka kupita pazenera n'kumakweza tsamba lililonse padzuwa. Masamba khumi kuwala kukudutsa m'timabowo, mzere wonse, ndi podumpha pomwe. Limodzi lokha lakhungu.

Ndinati, "Bambo, tsamba ili silinapite pamakina anga."

Ati, "Panatayikira tiyi, amama, tinangolijambulanso. Mawu ake ndi omwewo."

Ndinati, "Ngati ndi omwewo, si mkaka, sasasa pofika Lolemba."

Ndinalithothola pa kawaya paja n'kuliponya m'bulauzi. Pamenepo ndiye ndinaona nkhope yake yeniyeni. "Amama" uja anathera pomwepo. Anatola masamba enawo limodzilimodzi, osafulumira, akuyang'ana mayunifolomu a ana pachingwe. Ati, "Adzukulu anu amaweruka 1 koloko, eti? Msewu wa kusukulu uja magalimoto amathamanga. Muziwasamala." Anatero akumwetulira.

Mlongo wako, m'malo momugwira pakhosi, anakalipira ine. Ati ndamuchititsa manyazi, mutu wanga sukuyenda, ndikuwononga tsogolo la ana chifukwa cha zibowo. Anakwera galimoto yomweyo. Mwana wobereka ine, anakhala mpando wakutsogolo.

Ndapempha mkazi wa eni nyumba akuimbire, foni yako yangolira katatu konse. Adalaivala anyamuka Lachiwiri, ndiye kalatayi uiona mwezi utatha. Ndikudziwa kuti mlongo wako wakuimbira kale. Mawu ake amafika tsiku lomwelo, anga amayenda pa matayala.

Tsambalo ndalisokera mkati mwa pilo. Chitseko ndachitchinga ndi tebulo la makina, dzuwa likadalipo.

Mayi ako.


Lamulungu, pa 25 Meyi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana. Ine sindili bwino. Mlongo wanga wandiimbira akulira. Akuti munang'amba mgwirizano pamaso pa anthu n'kubisa tsamba m'bulauzi, chifukwa lilibe zibowo za singano. Zibowo, amayi! Loya munamufuna, ndinalipira. Anawerenga, anati zili bwino, anadinda. Tsopano mukufunanso chiyani?

Ndipo za foni zija, mwayamba kumuyesa wakuba mwana wanu yemwe? Sindinamugulire ine, koma kodi munthu sangakhale ndi kanthu popanda chilolezo chanu? Kuyambira tili ana inu zonse mumaziona zopindika.

Ndawachonderera a ejenti, avomera kudikira mpaka Lachitatu. Ndawatumizira pafoni kalata yochotsa dzina lanu, andiimire ndi mlongo wanga. Mawa ndalama zonse zilowa mu akaunti yake, Lachitatu asaina n'kuzipereka. Ndaona manambala achilendo akundiimbira, ndikudziwa kuti ndinu mukutuma anthu. Sindiyankha. Nkhani yanga isayende m'makomo.

Musandikwiyire. Mukadzalowa m'chipinda cha zenera chija mudzandithokoza. Pezani makatoni, muyambe kulongedza.

Mwana wanu.


Lachisanu, pa 30 Meyi, 11 koloko m'mawa

Mwana wanga,

Kalata yako ya Lamulungu adalaivala andipatsa m'mawa uno. Ndaiwerengera pabenchi pa depoti. Ukuti Lachitatu. Lero ndi Lachisanu. Ndikufunsa kuti uli bwanji, koma ndikudziwa kuti pofika kalatayi yankho lidzakhala lina.

Imva zimene unakana kumva pafoni. Manambala achilendo amene sukuwayankhawo, ina ndi ya Mayi Loya, akuimbira kasanu kuyambira Lolemba. Lolemba ndinatumbula pilo n'kupita nalo tsamba lija. Ulendo uno sanaseke. Anawerenga kamodzi, n'kudzuka kukatseka chitseko. Tsamba latsopanolo likuti ndalama zonse zipite ku kampani ya a Nsapato tsiku losaina, ndipo sizibwezedwa zivute zitani. Likutinso wogula walandira nyumbayo ndi ngongole zake zonse, akuzidziwa. Yankho la ku ofesi ya zamalo nalo latuluka. Nyumbayo ndi chikole kubanki, eni ake anasiya kulipira kalekale, banki iigulitsa yokha mwezi wa mawa. Dzina la mwini lili pa mgwirizano si limene lili m'kaundula. Wodwala uja kulibe, mwana wanga. Sanabadwe n'komwe.

Ine ndimati bola wosaina ndine, palibe chingachitike. Sindinadziwe kuti wandichotsa. Mlongo wako ndinamusaka Lolemba ndi Lachiwiri kuti ndimuuze, akundizemba. Lachitatu anachoka m'mawa atavala jekete la ukwati wake, mpaka lero sanabwerere. Foni yake ndi yozima. Mpongozi wanga wafika kuno maso ali psuu, mwana ali kumsana. Kupolisi tapita. Kuchipatala tapita. Mpaka m'chipinda chozizira chija ndinalowa ndekha, anandivundukulira anthu awiri. Si iye.

Galimoto yoyera yadutsa pano kawiri dzulo, pang'onopang'ono. Ana ndikuwaperekeza ndekha kusukulu ndi kukawatenga, sizasi yaikulu ili m'chikwama. Nkhalamba ya mawondo awa ingatani ndi sizasi? Koma ndikuinyamula.

Sindikudziwa ngati wasaina. Sindikudziwa ngati wathawa nazo, kapena amuchita chipongwe atamulanda. Ndikufunsa Mulungu ngati ndinabereka wakuba kapena chitsiru, ndipo ndikupempha kuti akhale chitsiru, chamoyo.

Akakuimbira usayambe ndi kukalipa. Umufunse kaye ali kuti.

Mayi ako.


Lamulungu, pa 1 Juni

Amayi,

Ndili moyo. Kalatayi ndapatsira mpongozi wanu, musamupanikize kuti ndili kuti, ndamulumbiritsa. Muli bwanji ndi ana? Ndalemba chifukwa pamaso panu sindingathe kuzinena.

Foni ija anandipatsa ndi a ejenti. Anandilonjezanso kangachepe nyumba ikagulidwa, zina anandipatsiratu, ndinadya. Ndinkati palibe cholakwa, achemwali apeza nyumba, ine ndipeza poyambira. Za tsamba sindinkadziwa, ndikulumbira. Koma Loweruka lija ndinali kumbuyo kwanu pazenera paja. Ndinaona kuwala m'masamba khumi, limodzi ayi. Ndinakukalipirani kuti ndisamve zimene maso anga ankanena.

Lachitatu ndinapita ku ofesi kwawo, fomu ya kubanki ili m'thumba la thalauza, yolembalemba kale. Anandipatsa mapepala. Ati, "Tsamba lenileni lija talipeza, linagwera kuseri kwa kabati. Ona, zibowo za mayi ako si izi?" Zoonadi, la 7 linali ndi zibowo m'mbali monse. Mtima unakhala pansi. Ndinatenga cholembera.

Koma amayi, ine ndinakulira pansi pa tebulo la makina aja. Akabudula anga onse anali ndi podumpha, anzanga ankandiseka nawo. Ndinayang'ana tsamba la 6: zibowo, zibowo, podumpha, zibowo. La 8 chimodzimodzi, podumpha pamalo pomwepo. La 7 zibowo zoyenda bwino kuyambira pamwamba mpaka pansi, osadumpha olo pamodzi. Munthu anachita kukhala pansi ndi phini n'kumaboola. Anaboola bwino kuposa makina anu.

Wa khosi uja anali pakhomo. Ndinavula jekete n'kulikoleka pampando kuti aone ngati ndibweranso, ndinati ndikataye madzi. Ndinatulukira pazenera la kuchimbudzi n'kugwera pa migolo ya zinyalala, bondo latupa. Foni ndinaiponya m'ngalande, ndimaopa kuti anditsata nayo.

Sindinasaine. Ndalama za achemwali zonse zili mu akaunti yanga, sindinakhudzeko. Koma ndikuziopa, amayi. Ndikuopa anthu aja, ndikudziopanso ndekha. Masiku anayi ndakhala ndi njala khadi ili m'thumba, ndipo sindikudziwa ngati ndingapirire lachisanu ndi lachisanu n'chimodzi. Mawa 8 koloko mubwere pakhomo pa banki ndi Mayi Loya, tizichotse m'dzina langa. Mukafuna kundimenya mundimenyere konko, kuli alonda.

Ndine mzime wanu.


Lachiwiri, pa 3 Juni, 6 koloko m'mawa, basi isananyamuke

Mwana wanga wachisamba,

Uli bwanji? Ukudya? Mayi Loya akuti unawaimbira Lamulungu utalandira kalata yanga ya zibowo ija, ukulira mpaka mawu osamveka, ndipo dzulo akuuza okha kuti ndalama zilipo. Tsono pukuta mamina, uwerenge.

Tinamupeza pakhomo pa banki atatsamira khoma, ndevu zili ngati burashi, akutsimphina. Ndinapita ndi mawu odzaza dengu, ndinawakonza njira yonse. Nditamuona ndinangoti, "Jekete la ukwati wasiya kuti?" Basi. Ndalama zili kwa Mayi Loya tsopano, atipatsa pepala lake, ndipo pepalalo ndalisoka. Kalata ya mlongo wako ndaikamo muno, uwerenge wekha. Kumukhululukira n'zako. Ine ndamupatsa chakudya, za kukhululuka ndiona mwezi wa mawa.

Nyumba ija tiiwale. Zenera lija ndalilota kawiri, ndisaname. Makatoni unati ndipeze aja ndaikamo zigamba. Mabeseni atatu alipo, mvula ikadzabwera tidzawatchera. Iwe unandichotsa dzina, unati zonse ndimaziona zopindika. Mawu amenewo sindinawataye, ndawasunga bwino. Tidzakambirana ukadzabwera, utakhala mbali ya khutu labwinoli.

Usaganize kuti zatha. Tsamba lija Mayi Loya apereka kupolisi. Ofesi ya a Nsapato aipeza yokhoma, chikwangwani atachotsa. Munthuyo sanagwidwe. Akudziwa pakhomo pano, akudziwa ola loweruka ana. Mlongo wako akugona kuno, pamphasa, mutu utatsamira chitseko, ndipo ndiye akuwaperekeza kusukulu, motsimphina momwemo. Galimoto yoyera iliyonse ikadutsa, phazi langa limaima lokha pamakina.

Tsono imva chimene ndalawirira. Ndabwerezanso makalata ako. Unalemba kuti mnzako analipira kale, akudikira makiyi, nyumba ya geti lobiriwira, munkaseka kuti muzidzasokonezana mageti. Mwana wanga, ukamufunse ngati kuseri kwa nyumba yakeyo kuli mtengo wa mandimu wokhala ndi tayala la katungwe. Umufunse atakhala pansi, ndipo tsiku limenelo usamusiye yekha.

Atatu enawo mwina sanalipire. Unati nkhani yako isayende m'makomo. Iyende, mwana wanga, ithamange. Makalata anga uli nawo. Ako awiri aja ndi ya mlongo wako ndawasokera ku inoyi, ndi ulusi wofiira womwe uja. Ukatha kuwerenga upatse mnzako lero lomwe, iye apatse wina, mpaka afike kwa aliyense amene munthu uja anamulankhula mokoma. Asasaine kanthu loya wawo asanawerenge, ndipo tsiku losaina loyayo akhale pompo, atakhala pampando. Amene akuseka za makina aseke, koma awerenge mpaka kumapeto.

Ndipo uwauze asamasule ulusi.

Ndine mayi ako.